Za Masamba Asanu ndi Limodzi Amene Komiti Ikufuna Kung'amba

Kwa Mayi Mlangizi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Pepani kwambiri kuti ndikukuvutitsani ndi mapepala ambiri chonchi, pomwe ndikudziwa kuti pa tebulo panu pali kale milu ya nkhani za ena. Ndinu amene munatumiza nkhani iyi ku komiti yathu mwezi wa Julaye, kuti tiyese kuyanjanitsa anthu awiriwa isanafike ku polisi. Lamulo 11 la komiti likuti amene anatumiza nkhani adziwitsidwe mmene yathera. Lamuloli sitinaligwiritsepo ntchito pa zaka zisanu ndi zinayi zimene ndakhala mlembi, chifukwa nkhani zathu zonse zimachokera mumsika momwemu. Ndakopera zolembedwazi monga zilili m'buku, osachotsa kapena kuwonjezera. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndiye mukapeza polakwika m'kalembedwe mundikhululukire. Pempho langa lili kumapeto.

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YOYANJANITSA YA AMALONDA A MUMSIKA

Tsiku: Lachiwiri, pa 12 Ogasiti
Malo: Chipinda chosungiramo masikelo, kuseri kwa ofesi ya msika

Mamembala opezeka:
Wapampando (a sitolo ya zitsulo)
Wachiwiri kwa Wapampando (Mayi a Saluni)
A Butcha
Mayi a Nsalu
Mlembi (wokonza mawotchi)

Osapezeka:
Msungichuma, anapepesa, akudwazika kuchipatala
Mkulu wa alonda, sanapepese

Oitanidwa:
Wodandaula, Aphunzitsi a sukulu ya mkaka ya kuseri kwa msika
Achemwali awo a Aphunzitsi, owaperekeza
Wodandaulidwa, wokonza mafoni wa pa geti, amene anthu amamutchula kuti Injiniya

1. KUTSEGULA

1.1 Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ili 2:10 masana pa wotchi ya Mlembi. Ya pakhoma inkanena 2:04, koma imeneyo imachedwa, ndipo Mlembi wanenapo kale kawiri.

1.2 Mayi a Saluni anapemphera. Anapempherera mtendere ndi mtima woiwala.

1.3 Mipando inali isanu ndi iwiri, anthu asanu ndi atatu. A Injiniya anapeza mpando. Aphunzitsi anakhala pa bokosi la miyala ya sikelo. Achemwali awo anafunsa ngati umo ndi mmene komiti imakhazikira wolakwa ndi wolakwiridwa. A Butcha anaimirira kuti apereke mpando wawo, koma Aphunzitsi anati pabokosi pomwepo pali bwino.

1.4 Mayi a Nsalu anapempha kuti Wapampando achoke kaye pampando pa nkhani iyi, popeza a Injiniya ndi alamu awo, mlongo wa akazi awo. Wapampando anayankha kuti ulamu amausiya kunyumba akangovala jekete la komiti. Mayi a Nsalu anati jeketelo anasita ndi mlongo wake wa Injiniya yemweyo. Wapampando anati zimenezo zisalembedwe. Zalembedwa, chifukwa lamulo 6 likuti Mlembi alembe zonse zonenedwa ndi umboni wonse wobwera ku komiti. Wapampando anakhalabe pampando.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA PA 29 JULAYE

2.1 Mlembi anawerenga. Mwachidule zinali motere.

(a) Mwezi wa Juni Aphunzitsi anapereka foni yawo kwa a Injiniya kuti asinthe galasi losweka. Foniyo inagona kumeneko masiku awiri.

(b) Itabwerera, a Injiniya anayamba kuwatumizira mauthenga owafunsira. Aphunzitsi anakana katatu.

(c) Pa 3 Julaye nambala yachilendo inaponya chithunzi pa gulupu ya pa foni ya amalonda, imene ili ndi anthu 386. Chinali chithunzi cha mkazi wosavala, koma nkhope inali ya Aphunzitsi, yotengedwa pa chithunzi cha tsiku lotsekera sukulu chimene chinali mu foni yawo. Pansi pake panali nambala yawo ndi mawu amene Mlembi sangawabwereze pano.

(d) Makolo khumi ndi mmodzi anachotsa ana awo pasukulupo. Mwini sukulu anawaimitsa ntchito Aphunzitsi. Amuna osawadziwa anayamba kuwaimbira foni.

(e) Pa 4 Julaye a Injiniya anawalembera pa nambala yawo yeniyeni kuti: "Waona? Ukanangovomera sizikanafika apa." Aphunzitsi anajambula mauthenga onse, okwana 23, n'kuwasunga mu foni.

(f) Pa msonkhano wa pa 29 Julaye a Injiniya anavomera zonse, analira, ndipo analonjeza kuti pasanathe masiku asanu ndi awiri alemba pa gulupu yomweyo, pa nambala yawo, kuti chithunzicho ndi chabodza ndipo anachipanga ndi iwo. Aphunzitsi sanapemphe china chilichonse kuposa chimenechi.

(g) Kenako komiti inatsata lamulo 9. Lamuloli likuti nkhani ikatha, wodandaula ndi wodandaulidwa agwire pepala la dandaulo, wina uku wina uku, aling'ambe, zidutswa ziponyedwe mu bini pamaso pa komiti, kuti wina asadzalitulutsenso mawa. Umu ndi mmene tathetsera nkhani za mabenchi, za masikelo ndi za kutukwanana. Popeza dandaulo ili linalibe pepala koma linali mu foni, komiti inagwirizana kuti kufufuta mauthenga ndiko kung'amba kwake.

(h) Aphunzitsi anapempha kuti adikire kaye kupepesako kutuluke. Wapampando anati munthu sanganene kuti wakhululuka uku akusungabe zida m'thumba. Mlembi anati: "Musaope mayi, umu ndi mmene timachitira, sizinalakwikepo." Aphunzitsi anafufuta.

(i) A Butcha anakumbutsa kuti mafoni amasiku ano amabisa penapake zinthu zofufutidwa. Popeza panalibe wa komiti wodziwa pamene zimabisalapo, foni inaperekedwa kwa a Injiniya kuti amalize ntchitoyo. Anatenga mphindi zinayi. Komiti inawathokoza, ndipo anthu anaomba m'manja.

2.2 Mlembi atafika pamenepa, nthawi ili 2:31, Wapampando anati aliyense akukumbukira, zotsalazo zitengedwe ngati zawerengedwa.

2.3 A Injiniya anapempha kuti mawu oti "analira" achotsedwe, chifukwa m'chipinda muno muli fumbi. Pempho silinathandizidwe.

2.4 Mayi a Nsalu ananena kuti zolembedwazo ndi zolondola, zonse pamodzi ndi zosawerengedwazo. A Butcha anavomereza. Zolembedwa zinalandiridwa.

3. KUPEPESA KOMWE KUNALONJEZEDWA

3.1 Mayi a Nsalu anauza komiti kuti akhala akuyang'ana pa gulupu tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Kupepesa sikunatuluke. Pa 5 Ogasiti, tsiku lomaliza la lonjezo, a Injiniya anaponyapo chithunzi cha matchaja atsopano ndi mawu oti anthu afulumire asanathe.

3.2 Wapampando anapempha a Injiniya kuti afotokoze. Anayankha kuti bandulo inawathera. Achemwali a Aphunzitsi anafunsa ngati matchaja aja anakwera okha pa intaneti wapansi.

3.3 A Injiniya anasintha nati anafunsa kwa munthu wodziwa malamulo, ndipo anawalangiza kuti asalembe kanthu paliponse. Anati pa 29 Julaye anangovomera polemekeza akuluakulu, chifukwa alamu awo anawauza kuti akatero nkhani ithera m'chipinda muno. Wapampando anati sakukumbukira kunena mawu amenewo mwanjira imeneyo.

3.4 Mayi a Nsalu anafunsa ngati tsopano akukana. Mawu a a Injiniya anali awa: "Chithunzi chake chiti? Mauthenga ake ati? Andionetse, foni ali nayo apo."

3.5 Achemwali anati: "Iwe, unalira mamina mpaka pa kolala pompano, lero ukuti chiti?" Wapampando anawapempha kuti azinena kuti "inu". Achemwali anati "inu" wawo amasungira anthu.

3.6 Mayi a Saluni, amene ndi woyang'anira gulupu, anafotokoza kuti chithunzicho anachichotsa pa gulupu kalekale ndipo nambala yachilendo ija inatulukamo yokha. Anati ku saluni anthu tsopano akukamba zina, ndipo kulemba kupepesa n'kudzutsa nkhani yomwe yayamba kugona. Anati mkazi ayenera kuganizira ulemu wake. Achemwali anafunsa kuti ulemu wake uti, womwe uli m'mafoni a anthu 386 uja kapena wina.

3.7 A Butcha anati anthu amaiwala msanga, ngakhale iwo amene anachiona mwangozi pa foni ya mnzawo sakukumbukiranso bwino. Achemwali anafunsa kuti ngoziyo inachitika kangati.

3.8 Wapampando anati komiti iganizirenso mbali inayo. A Injiniya ali ndi banja, akazi awo ndi oyembekezera, ndipo anthu akamva kuti amatsegula za m'mafoni a makasitomala, bizinesi yawo ifa tsiku lomwelo. Mayi a Nsalu anati chimenecho ndicho anthu ayenera kumva, popeza foni yawonso inagona pa geti pomwepo mwezi wa Meyi, ndipo ya Mayi a Saluni inagonapo chaka chatha.

3.9 A Injiniya anabwereza kuti popanda umboni palibe nkhani, ndipo anafunsa ngati angapite, chifukwa anasiya shopu yotseka.

3.10 Mlembi anapempha kulankhula pofuna kukonza cholakwika. Anauza komiti kuti si zoona kuti umboni palibe. Pa 24 ndi pa 25 Julaye, potsata lamulo 6, Aphunzitsi anabwera ndi foni pa benchi ya Mlembi, ndipo iye anakopera pamanja mauthenga onse 23 m'buku la komiti, uliwonse ndi tsiku lake, ola lake ndi nambala yomwe unachokera, ngakhale zilembo zolakwika anazisiya monga zinalili. Ali pa masamba 111 mpaka 116. Pansi pa tsamba 116 pali mawu oti: "Ndavomera kuti mauthenga awa ndinalemba ine, ndipo chithunzi ndinapanga ine." Pansi pa mawuwo pali siginecha ya a Injiniya, ya Wapampando ngati mboni, ndi tsiku la 29 Julaye. Zimenezi zili m'gawo lomwe Wapampando anati litengedwe ngati lawerengedwa.

3.11 A Injiniya anakhalanso pansi. Anati ankaganiza kuti pepala limenelo linang'ambidwa tsiku lomwelo. Anatembenukira kwa Wapampando nati: "Alamu, simunati zonse zatha?" Wapampando anati m'chipinda muno mulibe alamu.

4. MAWU A WODANDAULA

4.1 Aphunzitsi anapatsidwa mpata nthawi ili 3:05. Analankhula ataimirira, motsitsa mawu, ndipo Mlembi anawapempha kawiri kuti abwereze kuti alembe molondola.

4.2 Anati mwini sukulu wawauza kuti sukulu itsegulidwa Lolemba pa 1 Sepitembala. Pofika tsikulo abweretse chimodzi mwa ziwiri: kuvomera kwa wolakwayo pa gulupu, kuti makolo aone okha, kapena kalata yosonyeza kuti nkhani yatsegulidwa ku polisi. Apo ayi malo awo apatsidwa kwa wina. Aphunzitsa pasukulupo zaka zisanu ndi chimodzi.

4.3 Anati pa 7 Ogasiti, ataona kuti lonjezo lapitirira, anapita ku polisi. Wapolisi anawalandira bwino, n'kupempha kuti aone mauthengawo. Anatsegula foni, munalibe kanthu. Wapolisi anafunsa amene anafufuta. Mawu a Aphunzitsi ku komiti anali awa: "Ndinamuuza kuti ndinafufuta ndekha, pamaso pa akuluakulu. Anafunsa kuti nanga zobisika zija. Ndinati zimenezo anafufuta mwini wake wa mlandu, akuluakulu atamupatsa foni yanga m'manja. Wapolisi uja anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. Sanandiseke, koma bola akanandiseka."

4.4 Anati nambala asintha, koma nkhope sangasinthe. Anati Loweruka lapitali, akudutsa pa mzere wa masaluni, kamtsikana ka zaka zinayi kamene anakaphunzitsa kumanga zingwe za nsapato kanawathamangira, ndipo agogo ake anakakoka pa mkono mpaka kanalira. Sanatchule dzina. Mayi a Saluni anati mwanayo anali pafupi kugundidwa ndi wilibala. Aphunzitsi anati panalibe wilibala.

4.5 Anamaliza motere: "Sindinapemphe kuti amangidwe. Sindinapemphe kanthu ka m'thumba mwake. Ndinapempha mizere itatu, pamalo pomwe anandivulira. Anandivula pamaso pa anthu 386, inu mwamupepesetsa m'chipinda cha masikelo chitseko chili chotseka, ndiye mukuti ndalandira. Ndinabwera kuno ndili ndi umboni wanga m'manja. Ndatuluka ndilibe, iye watuluka atathokozedwa."

4.6 Wapampando anathokoza Aphunzitsi chifukwa cholankhula mwaulemu.

5. GANIZO LA WAPAMPANDO PA MASAMBA 111 MPAKA 116

5.1 Wapampando anati tsopano zaoneka chomwe chikuchititsa kuti nkhaniyi isathe: lamulo 9 silinatsatidwe mokwanira, popeza mbali ina ya dandaulo inatsala m'buku. Anati mitima singagwirizane pepala likadali moyo. Anapereka ganizo loti masambawo ang'ambidwe lero lomwe, kenako a Injiniya adzapepese mtima uli m'malo, popanda wowaopseza. Mayi a Saluni anavomereza ganizoli.

5.2 Achemwali anafunsa ngati komiti ikufuna kuluma munthu pachilonda chomwe inamuluma kale. Wapampando anawakumbutsa kuti iwo ndi operekeza chabe.

5.3 Mlembi anapereka zovuta ziwiri. Choyamba, lamulo 9 likunena za pepala la dandaulo, osati buku la komiti, ndipo zolembedwazi zalandiridwa lero lomwe pa mfundo 2.4. Chachiwiri, bukuli ndi losokedwa ndi ulusi, masamba ake ndi ophatikana awiriawiri. Mukang'amba 111 mpaka 116, anzake a mbali inayo, 101 mpaka 106, amasuka n'kugwa. Pa masamba amenewo pali chigamulo cha mwezi wa Epulo chokhudza malire a khonde la sitolo ya zitsulo, chimene chinakomera Wapampando.

5.4 Wapampando anati amenewo akhoza kumatidwa ndi guluu, ndipo guluu apereka okha kuchokera mu sitolo.

5.5 Panachitika voti. Ofuna kung'amba: Wapampando, Mayi a Saluni, a Butcha. Dzanja la a Butcha linalekera pa phewa, ndipo Mlembi atafunsa kuti alembe chiyani, anati: "Lembani kuti ndili ndi Wapampando, koma mtima sukufuna." Okana: Mayi a Nsalu ndi Mlembi. Wapampando anati dzanja la mlembi ndi la cholembera, osati la voti. Mayi a Nsalu anawerenga lamulo 3, loti Mlembi ndi membala ngati ena onse. Zotsatira: atatu kwa awiri. Ganizo linadutsa.

5.6 Wapampando analamula kuti buku liikidwe pa tebulo. Linaikidwa. Mlembi anakumbutsa kuti lamulo 9 likuti ong'amba ndi eni nkhani awiri, wina kugwira uku wina uku, ndipo wa komiti sakhudza. A Injiniya anabwera msanga n'kugwira ngodya ya tsamba 111. Aphunzitsi anapinda manja awo pachifuwa. Wapampando anawapempha katatu, kachitatu anati "mwana wanga". Aphunzitsi anati: "Bambo anga sakanapereka foni yanga kwa ameneyu. Dzanja langa lang'amba zokwanira."

5.7 Popeza mbali imodzi sinagwire, masamba sanang'ambidwe. Mlembi anapempha a Injiniya kuti asiye tsambalo. Ngodya yake yapindika ndipo pali chidindo cha chala chakuda, koma mawu onse akuwerengeka.

5.8 Wapampando anapereka chidziwitso choti pa msonkhano wotsatira lamulo 9 lisinthidwe, kuti wodandaula akakana kugwira, Wapampando azigwira m'malo mwake. Lamulo 12 likuti kusintha lamulo kumafuna chidziwitso cha masiku khumi ndi anayi. Masikuwo akwana pa 26 Ogasiti.

5.9 Achemwali anatulutsa foni yawo n'kupempha kuti ajambule masambawo. Wapampando anakana, nati lamulo 7 sililola, ndipo anafunsa Mlembi ngati si zoona. Mlembi anatsimikiza kuti lamulo 7 likuti buku la komiti lisatuluke, lisajambulidwe ndipo lisaonetsedwe kwa amene si membala, pokhapokha ofesi yomwe inatumiza nkhani italipempha ndi kalata. Mlembi anatseka buku. Achemwali anati: "Bambo a mawotchi, inu ndiye mumatsata malamulo mpaka munthu kufera m'manja mwanu."

5.10 Wapampando analamula kuti Lachisanu pa 22 Ogasiti m'mawa Mlembi akapereke buku ku sitolo ya zitsulo, kuti Wapampando aliwerenge pokonzekera msonkhano. Mayi a Nsalu anati pa zaka zisanu ndi zinayi sanaonepo Wapampando akuwerenga bukuli, ngakhale tsamba lomwe asainapo. Lamulo linakhalabe.

6. ZINA NDI ZINA

6.1 A Butcha anadandaula kuti denga la chipinda chino likudontha pamwamba pa masikelo, ndipo miyala yayamba dzimbiri. Nkhaniyi inakambidwa mphindi khumi ndi ziwiri. Anagwirizana kuti a Butcha alankhule ndi a ku ofesi ya msika.

6.2 Wapampando anadziwitsa komiti kuti akuganiza zowonjezera katundu pa khonde la sitolo yawo, ndipo mwina mabenchi omwe ali pamenepo adzafunika kusuntha. Pakhondepo pali benchi imodzi yokha, ya Mlembi.

6.3 Mayi a Saluni anakumbutsa kuti lipoti la chaka lopita kwa amalonda onse likufunika mwezi wamawa, ndipo nkhani iyi ndi ya nambala 60 chiyambire komiti. Anati ndi chinthu chonyaditsa kuti zonse 60 zatha mwamtendere, popanda imodzi yopita kukhoti. Wapampando anauza Mlembi kuti pa mndandanda alembe kuti "yatha".

6.4 Aphunzitsi, amene anali atafika kale pa chitseko, anabwerera nati: "Alembi, mulembe kuti sinathe. Mulembenso kuti sindinakhululuke. Tsiku lija ndinanama chifukwa munali ambiri." Wapampando anati nthawi ya oitanidwa inatha ndipo mawuwo asalembedwe. Alembedwa, potsata lamulo 6. Pa mndandanda, malo a nambala 60 Mlembi wawasiya opanda kanthu.

6.5 Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti mawu amene ananena pa 29 Julaye, oti "sizinalakwikepo", anali olakwika, ndipo kuti Aphunzitsi anafufuta atamva mawu amenewo kuchokera kwa munthu yemwe anakhala naye masana awiri pa benchi akukopera mauthenga awo. Mlembi anapepesa kwa Aphunzitsi. Iwo anayankha kuti: "Ndamva, bambo. Nanunso mwapepesera m'chipinda." Anatuluka ndi achemwali awo nthawi ili 3:54.

7. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

7.1 Msonkhano wotsatira udzakhala Lachiwiri pa 26 Ogasiti, 2 koloko masana, m'chipinda chomwechi. Mfundo yoyamba: kusintha lamulo 9.

7.2 Mayi a Saluni anatseka ndi pemphero. Mayi a Nsalu anatuluka pemphero lisanathe. Msonkhano unatha nthawi ili 4:02.

Wapampando: ..............................
Sanasaine. Anati asaina mfundo 1.4, 3.3, 3.11, 6.2 ndi 6.4 zikachotsedwa.

Mlembi: ndasaina m'buku, pa tsamba 129, pa 13 Ogasiti.

PEMPHO LANGA

Mayi Mlangizi, masamba 111 mpaka 116 sindinawakopere m'kalata ino, chifukwa lamulo 7 silindilola, ndiponso zokopera zanga sizingakhale ndi siginecha ya mwini wake. Chofunika ndi buku lenilenilo. Pakali pano lili m'dirowa ya pansi pa benchi yanga, pamodzi ndi mawotchi a anthu, nditalikulunga m'pulasitiki, ndipo kiyi ndimayenda naye.

Lamulo 7 lomwelo likuti ofesi yanu ikalipempha ndi kalata, buku likhoza kutuluka. Mizere iwiri yokha yakwana, bola pakhale chidindo ndi tsiku. Kalatayo ikafika, ndidzatseka benchi n'kubwera nalo ndekha, ndipo ngati pangafunike kuti ndikanene kwina kulikonse kuti ndinakopera ine, pamaso pa anthu, chitseko chili chotsegula, ndidzanena.

Koma ndikuuzeni zoona, chifukwa ndimadzidziwa. Lachisanu likakwana ndilibe kalata yanu, ndidzanyamula bukuli kupita nalo ku sitolo ya zitsulo, popeza komiti yalamula, ndipo ine chiyambire sindinakanepo lamulo la komiti. Kuchoka pa benchi yanga kufika pa kauntala ya Wapampando ndi mapazi asanu ndi anayi. Sindikukhulupirira kuti likadzabwerako tsamba 110 lidzatsatana ndi 111. Aphunzitsi atsala ndi masamba amenewa basi, ndipo sukulu itsegulidwa pa 1 Sepitembala.

Benchi yanga ili pa khonde la sitolo ya zitsulo, mukangolowa pa geti laling'ono kumanja, pomwe papachikidwa wotchi yaikulu yachikasu. Ndimakhalapo kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo sabata ino ndi yamawa sindichokapo ngakhale nthawi ya nkhomaliro, kuopa kuti wobweretsa kalata angandiphonye. Akapeza Wapampando ali pakhonde, asawapatse iwo, andipatse ine m'manja.

Chonde mundiyankhe lisanafike Lachisanu pa 22 Ogasiti.

Ine,
Mlembi wa Komiti